Nthawi Yopuma Ndi ya Yani? Mbiri ya Holiday, Leave, Vacation ndi Furlough

Mayi wa ku Mchinji ndi mayi wa ku Chipata amamvana pafupifupi pa chilichonse, pakuti chilankhulo chawo n'chimodzi ndipo malire owalekanitsa amangodutsa m'minda ya chimanga. Koma akatchula mawu a Chingerezi akuti Mother's Day, aliyense amakhala akunena zake. Ku Malawi ndi tsiku la 15 Okutobala, pamene masukulu, mabanki ndi maofesi a boma amatsekedwa, amuna ndi akazi omwe n'kupuma. Ku Zambia ndi tsiku limodzi pa mwezi limene lamulo la ntchito limalola mkazi wolembedwa ntchito kukhala kunyumba popanda kupereka chifukwa kapena kalata ya kuchipatala, kaya ali ndi ana kaya alibe. Ofesi yake imakhala yotsegula, anzake ali kalikiliki, mpando wake wokha ndi umene uli wopanda munthu. Tsiku loyambalo Chingerezi chimaliika m'gulu la holiday, lachiwirilo m'gulu la leave. M'Chichewa onse awiri ndi tchuthi.

Chingerezi chinaunjika mawu ambiri onena za kuleka ntchito kwa kanthawi: holiday, vacation, leave, furlough, recess, sabbatical, weekend. Kusukulu amangoti holiday ndi la ku Britain ndipo vacation ndi la ku America, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezo n'zoona, koma n'zapamwamba chabe. Liwu lililonse linabadwira pamalo pake, lina m'tchalitchi, lina m'bwalo la milandu, lina kumsasa wa asilikali, lina m'fakitale ya nsalu, ndipo mpaka lero limakumbukabe mwini wa nthawi imene munthu akupumayo. Wodziwa mwini nthawiyo amadziwanso ngati ayenera kupempha, ngati adzalipidwa, ndiponso ngati pobwerera adzaipeza ntchito ikumudikira.

Holiday ndi liwu lakalekale. Zaka zoposa 1,000 zapitazo anthu a ku England ankati haligdæg, kutanthauza tsiku loyera. Tsiku lotere silinali la mwini munda, silinalinso la wolima. Linali la Mulungu kapena la woyera mtima wina, ndipo wolilengeza unali mpingo. Palibe amene ankapita kukapempha kuti apume, pakuti belu likalira mudzi wonse unkasiya makasu nthawi imodzi. Pofika zaka za m'ma 1400, masiku otere ankakhalapo pakati pa 40 ndi 50 pa chaka, osawerengera Lamulungu. M'mawa anthu ankapita ku Misa, masana kunkakhala magule, masewera ndi mowa. M'menemo ndi mmene liwu la kuyera linayambira kununkhira chisangalalo, mpaka Chingerezi chinafika polemba mawu awiri osiyana, holy day la kutchalitchi ndi holiday la kubwalo.

Olamulira sanachedwe kuwerengera zimene masikuwo ankawadyera. Mu 1536, mfumu Henry VIII itangodula ubale ndi Papa, kunatuluka lamulo lothetsa masiku oyera ambiri, makamaka ogwa m'nyengo yokolola, kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 29 Sepitembala. Zifukwa zimene zinaperekedwa sizinali za chikhulupiriro zokha: ankati masikuwo amabala ulesi ndi kuledzera, ndipo mbewu zimaonongekera m'munda. Chaka chomwecho anthu a ku Lincolnshire ndi kumpoto kwa England anaukira mfumu, ndipo kulandidwa kwa masiku oyera kunali pakati pa madandaulo awo. Mu 1647 Nyumba ya Malamulo, itadzaza ndi Akhristu okhwimitsa zinthu otchedwa Puritans, inathetsa ngakhale Khirisimasi, Pasaka ndi Pentekoste. Koma aphunguwo anazindikira kuti antchito a m'nyumba ndi anyamata ophunzira umisiri sangakhale osapuma chaka chonse, ndiye anawapatsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse kuti azisangalala. Khirisimasi inabwereranso mu 1660 pamodzi ndi ufumu, koma chinthu chatsopano chinali chitaoneka: tsiku lopuma lopanda woyera mtima, loikidwa ndi boma.

Kumetedwa kwa masiku oyera kunapitirira pang'onopang'ono. Mpaka mu 1834 Bank of England inkatseka pa masiku a mpingo oposa 30 pa chaka. Chaka chimenecho anatsala anayi okha, 1 Meyi, 1 Novembala, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Wobwezako pang'ono anali Sir John Lubbock, mwini banki ndi phungu wa ku Maidstone, yemwenso ankakonda kufufuza za nyerere ndi zida zamwala za anthu akale. Lamulo limene iye anabweretsa, Bank Holidays Act la 1871, linapatsa England, Wales ndi Ireland masiku anayi: Lolemba lotsatira Pasaka, Lolemba lotsatira Pentekoste, Lolemba loyamba la Ogasiti, ndi 26 Disembala. Anthu anakondwa mpaka kumatcha masikuwo kuti ndi a Lubbock Woyera, ngati kuti sakanatha kuganiza za tsiku lopuma lopanda woyera mtima kumbuyo kwake.

Pali chinthu chimodzi m'lamulo la 1871 chimene chimapunthwitsa anthu mpaka pano. Lamulolo silinanene kuti wantchito ali ndi ufulu wopuma. Linangonena kuti mabanki atseke, ndi kuti ngongole yoyenera kulipidwa pa tsikulo ilipidwe tsiku lotsatira. Masitolo ndi mafakitale anatsatira mwa kufuna kwawo, poona kuti banki ikatseka malonda amazizira. N'chifukwa chake ku Britain lero bank holiday si tsiku limene wantchito aliyense angaumirire kuti apume. Wosamalira okalamba m'nyumba zosungiramo nkhalamba ku Manchester kapena ku Leeds, ntchito imene Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri akugwira, akhoza kuikidwa pa ntchito tsiku la Khirisimasi ndipo palibe lamulo lathyoledwa, pokhapokha ngati kalata yake ya ntchito inalonjeza zina.

Pamene mafumu ndi eni chuma ankachepetsa masiku oyera, amisiri a m'matauni anadzipangira lawo. Owomba nsalu, osoka nsapato ndi osula zitsulo a ku Birmingham ndi ku Sheffield ankalipidwa Loweruka potengera katundu amene apanga, osati maola. Akamwa Lamulungu, Lolemba sankaoneka pa ntchito, ndipo mwanthabwala tsikulo analitcha Saint Monday, Lolemba Woyera, ngakhale kunalibe woyera mtima wa dzina limenelo. Lachinayi ndi Lachisanu ankagwira usana ndi usiku kuti akwanitse za sabata. Kwa mmisiri wogwira ndi manja ake zimenezi zinalibe vuto, koma makina oyendera nthunzi ankafuna kuti anthu onse afike ola limodzi. Eni mafakitale, atsogoleri a mipingo ndi magulu odana ndi mowa anagwirizana kuti mankhwala ake ndi kusinthanitsa: antchito asiye Lolemba, apatsidwe Loweruka masana. Lamulo la mafakitale la 1850 linati akazi ndi achinyamata a m'mafakitale a nsalu aziweruka 2 koloko masana Loweruka, ndipo m'zaka zotsatira mwambowo unafalikira kwa amuna ndi ku ntchito zina. Liwu lakuti weekend linayamba kufala cha m'ma 1870. Mpira wa ku England umayamba 3 koloko masana Loweruka chifukwa cha mbiri yomweyi: ola limodzi linkakwanira kuti munthu achoke kufakitale, adye, n'kufika kubwalo. Loweruka lathunthu linabwera mochedwa. Kampani ya Henry Ford ku America inayamba sabata ya masiku asanu mu 1926.

Apa Chichewa chili ndi umboni wakewake, wosachita kubwereka. Sabata ya masiku asanu ndi awiri inafika ndi amishoni ndi olemba anthu ntchito, ndipo mayina a masiku anasunga chithunzi cha sabata ya waganyu wa pa esiteti. Lolemba ndi tsiku lolemba mayina a antchito. Lachiwiri mpaka Lachisanu ndi kuwerenga chabe masiku a ntchito. Loweruka ndi tsiku loweruka, limene ku Zambia amati Ciwelu, ndipo Lamulungu ndi holy day yeniyeni, tsiku lokhala ndi Mwini wake. Mneni wakuti kuweruka amanena bwinobwino chimene Chingerezi chimachizungulira ndi mawu awiri kapena atatu. Kuwerukako kunalibe malipiro. M'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia ndi kumigodi, mwezi unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku limene munthu sanagwire ntchito silinkachongedwa.

Ku England nakonso kupuma ndi kulipidwa zinali zinthu ziwiri zosiyana kwa nthawi yaitali. M'matauni a nsalu a ku Lancashire, monga Oldham ndi Bolton, mafakitale onse a m'tauni imodzi ankatseka sabata yathunthu pa chaka, imene inkatchedwa wakes week. Dzinalo linachokera ku mchezo wa usiku wokumbukira woyera mtima wa tchalitchi cha m'mudzi. Eni mafakitale ankapezerapo mwayi wokonza makina, antchito ankakwera sitima kupita kugombe la nyanja ku Blackpool, kumene njanji inafika mu 1846. Koma sabatayo inali yopanda malipiro, kotero mabanja ankasonkha ndalama pang'onopang'ono chaka chonse m'timagulu tosungira, tofanana ndi chipereganyu. Apa ndi pamene holiday inatengera tanthauzo lachitatu, la ulendo wokasangalala kutali ndi kwanu. Malipiro anabwera m'ma 1930. Mu 1936 boma la Léon Blum ku France linapatsa antchito masabata awiri olipidwa, ndipo chaka chomwecho bungwe la International Labour Organization linagwirizana pa masiku osachepera asanu ndi limodzi kwa munthu wogwira chaka chathunthu. Britain inatsatira mu 1938 ndi Holidays with Pay Act, limene linapereka sabata imodzi, komanso kwa magulu ena okha a antchito.

Vacation ili ndi mbiri yaifupi kuifotokoza. Inachokera ku mneni wa Chilatini vacare, kukhala mopanda kanthu, ndipo ndi mbale wa liwu lija lolembedwa pa zipata za makampani, No Vacancy, limene aliyense wofufuza ntchito ku Kanengo kapena ku Msasa amalidziwa. Poyamba silinkanena za munthu ayi, koma za nyumba. Makhoti akuluakulu a ku London ndi mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ankagawa chaka m'zigawo zogwira ntchito, ndipo mpata wa pakati pa zigawozo, zipinda zikakhala mbee, unali vacation. Ku Britain liwuli linatsalira komweko, kwa oweruza ndi ophunzira a ku yunivesite. Ku America linatuluka panja m'zaka za m'ma 1800 n'kukhala liwu la aliyense wopita kukapuma kumapiri kapena kunyanja, pamene holiday inatsala ndi tanthauzo lake lakale la tsiku la onse, monga 4 Julayi. Munthu wa ku America akati the holidays amanena nyengo yoyambira pa Thanksgiving, kumapeto kwa Novembala, mpaka Chaka Chatsopano. Chodabwitsa n'chakuti dziko limene linafalitsa liwu la vacation lilibe lamulo la dziko lonse lokakamiza bwana kupereka ngakhale tsiku limodzi lolipidwa. Lamulo la 1938 limene linakhazikitsa malire a maola a pa sabata silinakhudze za tchuthi, ndipo mpaka pano vacation ndi mphatso ya kampani kapena chipatso cha mgwirizano wa antchito.

Liwu limene lili ndi mano, limene limapezeka m'makalata a ntchito ndi m'malamulo, ndi leave. Ambiri amaganiza kuti linachokera ku mneni wakuti to leave, kuchoka, popeza wopita pa tchuthi amachokadi. Koma m'Chingerezi chakale awa anali mawu awiri osiyana amene anadzangofanana katchulidwe. Leave ya tchuthi inachokera ku leaf, kutanthauza chilolezo, ndipo ndi mbale wa Urlaub ya Chijeremani ndi verlof ya Chidatchi ndi Chiafrikaans. Tanthauzo lakalelo likadali moyo. Loya amapempha leave to appeal, chilolezo chokachita apilo. Mlendo wa ku Britain amalakalaka indefinite leave to remain, mawu amene akamveka koyamba amakhala ngati akudzitsutsa, kuchoka ndi kukhala nthawi imodzi, chikhalirecho akungonena chilolezo chokhala m'dzikomo mopanda malire.

Chilolezo chimafuna wopereka. Holiday imagwa yokha ngati mvula, pa bwana ndi pa wantchito pomwe. Leave imapemphedwa ndi munthu mmodzi kwa wamkulu wake, imalembedwa m'buku, ndipo ikhoza kukanidwa kapena kusunthidwa. Kumene liwuli linakhwimira ndi ku usilikali ndi pa zombo, kumene munthu sakhala ndi nthawi yakeyake ngakhale usiku. Msilikali wochoka pamsasa popanda kalata anali absent without leave, ndipo asilikali a King's African Rifles a ku Zomba ankadziwa chilango chake. Chichewa chili ndi mneni mmodzi wokwanira pamenepa, kujomba. Kuchokera ku usilikali liwuli linalowa m'maofesi a boma la atsamunda, ndipo kumeneko linaonetsa poyera kuti chilolezo chimatsata udindo ndi khungu. Bwanamkubwa, DC ndi anzawo akagwira zaka ziwiri kapena zitatu ankapatsidwa home leave ya miyezi ingapo, malipiro ali chiyendere, ulendo wa pa sitima yapamadzi wopita ku Britain ukulipiridwa ndi boma.

Mchewa wopita ku Joni kudzera kwa Wenela sankadziwa leave yotere. Iye ankabwerera kumudzi kontirakiti ikatha, patapita chaka kapena zaka ziwiri, ndipo kubwerako sikunali tchuthi koma kutha kwa ntchito. Akafuna kupitanso ankayenera kukalembetsa kachiwiri. Miyezi imene ankakhala kumudzi, kufolera nyumba ndi kulima, mgodi sunkalipira. Ankamudyetsa ndi mkazi wake ndi munda wa akuchikazi. Amene sanabwerere konse anapatsidwa dzina la matchona, liwu limene lilibe mnzake pakati pa mawu onse a Chingerezi a tchuthi.

Lero leave ndi ufulu wolembedwa, ndipo manambala ake amasiyana munthu akangowoloka malire. Lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000 limapereka masiku osachepera 18 pa chaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera asanu ndi atatu olipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu. Ku Zambia lamulo la 2019 limawerengera masiku awiri pa mwezi uliwonse umene munthu wagwira. Ku South Africa lamulo la 1997 limapereka masiku 21 otsatizana, kuphatikizamo Loweruka ndi Lamulungu, zimene kwa wogwira masiku asanu zimangokhala masiku 15 a ntchito. Ku Britain ndi masiku 28 kwa wogwira masiku asanu pa sabata, koma bwana amaloledwa kuwerengeramo ma bank holiday asanu ndi atatu a ku England ndi Wales. Kalata yonena kuti 28 days including bank holidays ndi ina yonena kuti 20 days plus bank holidays zikulonjeza chinthu chimodzi; yonena kuti 28 days plus bank holidays ikulonjeza masiku 36. Kaliwu kamodzi ka pakati kamanyamula sabata yathunthu ndi masiku ena.

Si leave iliyonse imene munthu amaipempha. Nyuzipepala zikalemba kuti mkulu wa bungwe watumizidwa pa forced leave, Chichewa chimati tchuthi chokakamiza, ndipo aliyense amadziwa kuti kumbuyo kuli kafukufuku. Ku Britain kuli garden leave, pamene wantchito amene wapereka kalata yosiya ntchito amauzidwa kuti akhale kunyumba akulandirabe malipiro, n'cholinga choti asatengere zinsinsi zatsopano kwa opikisana nawo. Munda wotchulidwawo ndi wa maluwa, si wa chimanga. Ndipo unpaid leave imasunga ntchito koma imatseka thumba. Pa zonsezi chilolezo chakalecho chasanduka lamulo la bwana.

Kusandulika kotere kunachitikira kwambiri furlough. Liwuli ndi verlof lomwe lija la Chidatchi, ndipo linalowa m'Chingerezi cha m'ma 1620, pa nthawi imene asilikali ambiri a ku England ankamenya nkhondo ku Netherlands. Kwa zaka mazana linali liwu lokoma: kalata yolola msilikali kukaona kwawo. Amishoni analitenga, ndipo a ku Scotland amene ankatumikira ku Blantyre ndi ku Livingstonia, ndiponso a Dutch Reformed a ku Nkhoma ndi ku Madzimoyo, ankapita kwawo pa furlough patapita zaka zingapo, kukachira malungo, kukalalikira m'matchalitchi ndi kukapempha thandizo la ndalama. Ku Britain liwuli pambuyo pake linazilala, koma ku America linatembenuka: linayamba kutanthauza kuuzidwa ndi bwana kuti ukhale kunyumba popanda malipiro chifukwa ndalama kapena ntchito yasowa, dzina lako likadali m'buku. Pamene boma la America linatseka maofesi ake ena kwa masiku 35, kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019, chifukwa chosagwirizana pa bajeti, antchito pafupifupi 800,000 anakhudzidwa, ena ali pa furlough, ena akugwira ntchito osalandira.

Kenako pa 20 Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utafika, nduna ya zachuma ya ku Britain, Rishi Sunak, inalengeza kuti boma lizilipira 80 peresenti ya malipiro a antchito oikidwa pa furlough, mpaka mapaundi 2,500 pa mwezi. Anthu ambiri a ku Britain anachita kufufuza tanthauzo la liwu limene agogo awo ankalidziwa. Dongosololi linatha pa 30 Sepitembala 2021, litakhudza ntchito zoposa 11 miliyoni. Motero pa nthawi imodzimodzi liwu limodzi linkatanthauza njala ku Chicago ndi malipiro ku Glasgow, ndipo wachibale wa kumudzi womva pa foni kuti mwana wake ali pa furlough akanayenera kufunsa kaye kuti ali dziko liti asanayembekezere ndalama za feteleza.

Sabbatical ndi recess ndi mawu a anthu ochepa. Loyamba linachokera ku Sabata ya Chiheberi, makamaka ku lamulo la pa Levitiko 25 lakuti nthaka ipume chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, zimene mlimi wodziwa kugoneka munda kuti ukhale tsala sangadabwe nazo. Yunivesite ya Harvard inayamba mu 1880 kupatsa aphunzitsi ake chaka chotere pa theka la malipiro, ndipo mpaka lero wopita pa sabbatical amayembekezeredwa kubwera ndi buku kapena kafukufuku, monga tsala limabwezera ndi zokolola. Recess inachokera ku liwu la Chilatini lonena kubwerera m'mbuyo. Ndi ya Nyumba ya Malamulo ndi makhoti: chimene chaima ndi msonkhano, osati ntchito, ndipo phungu amene Nyumba ili pa recess amayenera kukhala kudera kwake akumva madandaulo, ngakhale kuti ovota m'mayiko ambiri angakhale ndi maganizo awo pa mfundo imeneyi. Ku America recess ndi bureki ya ana a sukulu.

Nanga tchuthi? Liwuli likuoneka kuti linawoloka nyanja ya Indian Ocean. M'Chihindi ndi m'Chiurdu muli chhutti, lotanthauza kumasulidwa, chilolezo chochoka, ndi tsiku lopuma, ndipo njira zimene likanadzera n'zoonekeratu: asilikali a ku India amene Harry Johnston anabweretsa mu 1891, ndi amalonda achimwenye amene anatsegula masitolo ku Limbe, ku Zomba ndi ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata. Kwawoko liwuli ndi lotakata chimodzimodzi, mpaka limanenanso za kuchotsedwa ntchito. Chichewa chinalilandira ndi kutakata kwakeko, ndipo pofuna kusiyanitsa chimawonjezera mawu ena: tchuthi cha boma, tchuthi cha pachaka, tchuthi cha uchembere. Pakamwa pa anthu pamamvekanso holide, livu ndi ofu. Mneni wakewake wa Chichewa, kupuma, ali ndi msampha wake, pakuti wonena kuti bambo ake anapuma pa ntchito sakunena za tchuthi koma za penshoni. Achewa a ku Angónia ndi ku Tete amakumana ndi magawo ena, a Chipwitikizi: feriado ndi tsiku la onse, férias ndi tchuthi cha pachaka, licença ndi chilolezo, folga ndi ofu, ndipo tolerância de ponto ndi tsiku limene boma lalengeza kuti antchito asawerengedwe kuti ajomba.

Ntchito yolembedwa isanafike, kupuma kunkatsata nyengo ndi mwambo. Zokolola zikalowa m'nkhokwe kunkabwera nthawi ya chinamwali, gule ndi maulendo okaona abale. Ndipo panali tsiku limodzi losapemphedwa kwa wina aliyense, limene likadalipo m'midzi: m'mudzi mukagwa maliro, khasu siligwiridwa. Pa mfundo imeneyi ndi pamene mawu a Chingerezi amawombana kwambiri ndi moyo wa Achewa. Maliro m'Chingerezi cha ntchito si holiday, ndi leave, yotchedwa compassionate leave kapena bereavement leave, ndipo monga leave ina iliyonse ili ndi malire ndi mndandanda wa oyenera kuliridwa. Lamulo la ku South Africa limaitcha family responsibility leave. Limapereka masiku atatu olipidwa pa chaka kwa munthu amene wagwira kwa bwana mmodzi miyezi yoposa inayi, masiku osachepera anayi pa sabata, ndipo limatchula abale ake: mkazi kapena mwamuna, kholo, agogo, mwana, mdzukulu, ndi wobadwa naye.

Pa mndandandawo palibe malume. Kwa Mchewa, mlongo wa amayi ndiye mwini mbumba, nkhoswe ya ukwati, woweruza za munda ndi za manda, ndipo kawirikawiri ndi amene analipira fizi. Mphwake amene akugwira ntchito ku Johannesburg akamva uthenga wa imfa yake, lamulo silimupatsa tsiku ngakhale limodzi pa dzina la malirowo. Ayenera kudula pa masiku ake a pachaka ngati atsalako, kapena kupempha unpaid leave, kapena kudalira mtima wa bwana. Ngakhale womwalirayo akanakhala mayi ake omubala, masiku atatuwo akanathera m'njira, pakuti basi yochoka ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete imadya pafupifupi masiku awiri isanafike pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo pobwerera imadyanso ena awiri.